Woluka Tsitsi Amene Magazi Ake Anakanidwa

Inu amene anthu akukunyozani mpaka mwafooka, imvani za mayi wina woluka tsitsi.

Tsiku limene apongozi ake anamupatulira kapu yakeyake, n'kumangirira kansalu kofiira pachogwirira, mayiyu anapsa mtima kwambiri. Mlandu wake unali woti anapita kukapereka magazi mwakufuna kwake. Patatha sabata anamuitana kuchipatala. Magaziwo anawapeza ndi kachilombo ka matenda a chiwindi, moti sakanaikidwa mwa wodwala aliyense.

Anangouza mwamuna wake basi. Mwamunayo anakauza mayi ake, ndipo pofika Loweruka msewu wonse unali utamva. Makasitomala anatha psiti, galasi la mu saluni n'kuchita fumbi.

"Matendawa unakawatenga kuti?" anafunsa mwamunayo.

"Inu munayezetsapo? Ine ndadziwa chifukwa ndimafuna kupulumutsa munthu. Nanga inu za m'thupi mwanu mukudziwapo chiyani?"

Mkwiyowo sanagone nawo pamphasa. Anabwerera kwa namwino wa kuchipatala kuja n'kumupanikiza ndi mafunso. Anamva kuti kachilomboka sikayenda pakapu, ndipo ambiri amakatengera kwa mayi awo pobadwa. Anakokera alongo ake kukayezetsa, awiri n'kupezeka nako. Mwamuna wake atayezetsa, analibe. Analandira katemera pamodzi ndi ana, maso ali pansi.

Mayiyu anatsegulanso saluni. Zipeso ankaziwiritsa anthu akuona, ndipo lezala ankatsegula latsopano pa mutu uliwonse. Mwezi woyamba kunabwera anthu atatu okha. Iye sanasiye, ndipo pakamwa sanatseke. Aliyense wokhala pampando ankamuuza mosapsatira:

"Pitani mukapereke magazi. Koma akakufunsani mafunso a za umoyo wanu, musakaname. Magaziwo akukalowa mwa mwana wa mnzanu."

Ena ankanyanyuka tsitsi lili theka. Ena ankabweranso ndi anzawo.

Lero ali ndi antchito anayi, ndipo galimoto yotolera magazi imaima pakhomo pa saluni yake katatu pachaka. Iye mwini saloledwa kupereka, ndipo zimamuwawabe akamaona anzake akupinda mkono wa malaya. Amangoima pakhomo n'kumakalipira odutsa kuti alowe.

Inunso mwina akukunenani chifukwa cha chinthu chimene simunachisankhe. Kwiyani ndithu, koma mkwiyowo muugwiritse ntchito. Dzukani, katseguleninso chitseko chanu. Mtima wokhawo musautaye.