Magetsi Oyenda Awiriawiri

Achimwene atabwera kutchuthi kuchokera kunja, chakumapeto kwa zaka za chipani chimodzi, ine ndinali mphunzitsi wa pulaimale kufupi ndi Bembeke. Ndinakondwa, koma mtima sunali m'malo. Munthuyo anali atakhalitsa kumene anthu amalankhula osacheuka, ndipo kutsitsa mawu anali atakuiwala. Mawu amodzi okhota, pasipoti ikanapita, mwinanso ndi mwini wake yemwe.

Lamulungu titatuluka ku Misa, anthu anatitsatira kudzawalonjera mpaka pakhomo panadzaza. Masiku amenewo khamu lopanda chilolezo linali mlandu. Nditaona a tcheyamani a chipani m'dera lathu akutulukira kuseri kwa nkhokwe, ndinatuluka thukuta m'chisanu cha Juni. Bambo anawapatsa mpando wawo.

"Tamva kuti kwabwera ophunzira," anatero a tcheyamani. "Atiuze zomwe akuchita kunjako, tonse timve nawo."

Ndinawatsina achimwene, koma anali atadzuka kale, nkhope ili ngwee. Anati pali zinthu zina zimene ukaziziziritsa kwambiri, magetsi amadutsamo osataya mphamvu ngakhale pang'ono. Tinthu tonyamula magetsiwo, amati maelekitironi, timayamba kuyenda tiwiritiwiri, ndipo ntchito yawo inali kuyeza mpata umene tiwirito tingatalikirane osatayana. Mu zitsulo zodziwika kale mpatawo ndi wautali. Mu zinthu zatsopano, zowotcha mu uvuni ngati mbiya, ndi waufupi zedi, moti kamng'alu kosaoneka ndi maso kamaimitsa magetsi.

Anthu anangoti kukamwa yasa. Ine ndinapumako, chifukwa munalibe ndale m'menemo. Ndikanakonda akanalekera pomwepo, koma achimwene akayamba kuphunzitsa sagwirika. Anatola nsungwi yaitali, nandigwiritsa mbali imodzi, msuweni wanga mbali inayo, natiuza tidutse kangalande ka madzi a mvula pabwalopo. Ine ndinaoloka, mnzanga ali kutsidya, nsungwi ili m'manja mwa tonse.

"Mwaonatu, sanatayane. Tsopano tione zatsopanozi. Ndikufuna awiri ogwirana manja, phewa ndi phewa."

Anawadzutsa a tcheyamani mwaulemu ndithu. Kenaka anapita kumbuyo kwa azimayi, kumene gogo wina anakhala chopenya kumbali, chitenje ataphimba kumutu. Anawakoka dzanja akuseka, poganiza kuti ndi manyazi chabe, nalilowetsa m'dzanja la a tcheyamani.

Safunsa anadya phula. A tcheyamani anadzakwatira m'mudzi mwathu achimwene ali kunja, ndipo gogoyo anali apongozi awo. Kwathu mkamwini ndi apongozi akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Sayang'anana, nanji kukhudzana, pamaso pa mudzi wonse!

Gogoyo anafuula "Mayo ine!" nathawira kuseri kwa khitchini. Mayi wina analephera kudzigwira, kuseka kunamupulumuka, ena n'kutsatira. Kusekako n'kumene kunandiopsa kuposa zonse. A tcheyamani anapukuta dzanja pa jekete, natenga chipewa chawo.

"Maphunziro abwino," anatero. "Mubwerera liti?"

Achimwene anatchula tsiku lenileni, masabata atatu kutsogolo. Ndinalakalaka kuwatseka pakamwa ndi chitsononkho.

Madzulo bambo anapita ndi nkhuku kukapepesa. Nkhukuyo inalandiridwa, koma bambo sanapatsidwe mpando. Achimwene ankangoti, "Ndilankhula nawo ndekha, ndi nkhani yaing'ono." Ndinawapsera mtima kuti mutu wonse uja sukuona chimene mwana wa Sitandade 2 akanaona. Galimoto iliyonse ikamveka kumsewu, tonse tinkasiya kutafuna.

Nkhaniyo anaidula ndi amayi, amene anali atayembekezera masabata atatuwo kwa chaka chathunthu. Anapinda okha zovala za mwana wawo, naziika m'sutikesi.

"Mawa ulawirire," anatero. "Usadzere pasiteji yathu. Ndipo usabwerenso mpaka nditakuitana ine."

Ndinawaperekeza m'mawa kudzera m'minda ya mbatata ya kachewere mpaka kumsewu waukulu, kumene anakwera lole ya kabichi. Kunyumba tinadikira. Sipanabwere wapolisi, sipanabwere aliyense. A tcheyamani ankatipatsa moni bwinobwino patchalitchi, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati anakanena kulikonse. Chaka chilichonse ndinkafunsa amayi ngati ndingawauze achimwene kuti abwere, iwo n'kumati, "Tidikire kaye."

Anawaitana ndine, pa telefoni ya ku mishoni, kuti abwere kumaliro a amayi.