Makina a Mayi Girizi Sanafunditsidwe

Achemwali anga amayendetsa makina odinda mapiritsi pa fakitale ya mankhwala. Anayamba ntchitoyi ine ndili pasukulu, ndipo anzawo anawapatsa dzina loti Mayi Girizi, chifukwa ngakhale asambe motani manja awo amanunkhabe girizi. Alamu ankakonda kuwaselewula kuti, "Akazi angawa ali ndi amuna awiri, ine ndi chitsulo chija." Iwo ankangoti, "Koma mnzanuyo saliza mkonono."

Mliri wa chifuwa utabuka, anthu anayamba kugwa ngati nthabwala. Mankhwala ake analipo, koma kunja. Akatswiri a pafakitale ankadziwa kapangidwe kake, makina anali pomwepo, manja analipo. Chimene chinkasowa ndi chilolezo basi. Njira yopangira mankhwalawo inali ndi mwini wake, kampani ina ya kutali, ndipo lamulo linkati wina asayerekeze kupanga mwiniyo asanalole. Mpaka lero ndikaiganiza nkhaniyi mtima umandiwawa.

Akuluakulu anayamba kukambirana, kukambirana kosatha kuja. Bwana wa fakitale anabweretsa lona kuti makina a achemwali, omwe anasungidwira mankhwala atsopanowo, afunditsidwe.

"Bwana, timafunditsa maliro," anatero achemwali, amene sadziwa kupsatira mawu. "Awa ali moyo. Akangokhala chigonere auma, ndiye tsiku lodzatilolalo tizidzayamba n'kuwamasula anthu akufa?"

"Mayi, chilolezocho mwina sichibwera n'komwe."

"Chikapanda kubwera manyazi akhale awo, osati anga."

Lona uja anamupinda n'kukhalira ngati mpando. M'mawa uliwonse ankapukuta makinawo, kuthira girizi, n'kuzunguliza gudumu lake ndi manja, opanda ndi kaufa komwe m'kati. Anzawo ankati Mayi Girizi mutu wabalalika. Iwo analibe nazo ntchito.

Kenako alamu anayamba kutsokomola. Kuchipatala anawagoneka, ndipo sitinkaloledwa kulowa. Anamwino anatiuza mosabisa kuti mankhwala ochepa amene anabwera kuchokera kunja anatha kalekale. Achemwali ankalankhula nawo pa foni, mawu a alamu akudukaduka.

"Mnzanga uja... wayamba?"

"Ali tcheru, bambo. Akungodikira kuti eni ake agwedeze mutu. Inu limbani."

Alamu analimba mmene akanathera, koma eni ake sanagwedeze mutu. Anatisiya. Titangoika maliro, achemwali anabwerera ku ntchito maso ali psuu. Ndinawaletsa n'kuwauza kuti apumeko kaye, koma anandikazira. "Iwe, m'chipinda cha kuchipatala chija anasiyamo anzawo. Amenewo alibe akazi?"

Chilolezo chinabwera mliri utakolola kale anthu. Pafakitale anakonza mwambo, kunabwera a masuti ndi ojambula. Nthumwi ya kampani ija inalankhula za mtima wawo wachifundo, anthu n'kuwomba m'manja. Achemwali anaima pafupi ndi makina awo manja ali m'matumba a ovolo. Bwana anawanong'oneza kuti awombe nawo.

"Ndiwombere chiyani?" anafunsa mokweza. "Makinawa anali okonzeka tsiku limene amuna anga ankasowa mpweya. Anachedwa si ine."

Sanadikire kuti wina adule riboni. Anadina batani, makina n'kuyamba pomwepo osatsokomola n'komwe, mapiritsi akugwera m'ndowa. Ndinawaona akuweramira chitsulo chija n'kunena chapansipansi kuti, "Wayamba tsopano, bambo."