Ndege ya timabwato m'bafa

Ku Newcastle ndinkasamalira madala ena achingerezi amene kale ankajambula mapulani a sitima zapamadzi. Mutu unali utayamba kuwathawa. Dzina langa ankaliiwala tsiku lililonse, koma za ndege imodzi ya Ajeremani ya pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, eee, mpaka tiyi kuzizira.

Ankapanga kachifaniziro kake ndi timatabwa topepuka. Manja awo ankanjenjemera, ndiye manja ndinali ine. Mwana wawo wamkazi anali atawapezera kale malo kunyumba ya okalamba, ndipo iwo ankafuna kandegeko kayandame m'bafa mwawomwawo asanasamuke.

Ankati poyamba inali ndege yankhondo yapamtunda. Ajeremaniwo anaichotsa mateyala n'kuiveka timabwato tiwiri kuti izitera panyanja. Timabwatoto tinkaisokoneza mumlengalenga, choncho anakulitsa chipsepse chakumchira. Mapiko ake awiri, lapamwamba ndi lapansi, ankagwiridwa ndi timitengo tokumana pakati ngati nyenyezi.

Nyenyezi imeneyo inandiwawa. Ndikamata mbali iyi, inayo yagwa. Ine ndinakula ndikupanga magalimoto a mawaya ku Ndirande, ndiye ndinati, “Bambo, bwanji tingomanga ndi waya?”

“Waya? Anaika nyenyeziyo n'cholinga choti waya asafunike!”

Ndinangoti chabwino. Mumtima ndinkatukwana Mjeremani amene anaganiza zimenezi.

Tinamaliza m'mawa wa tsiku losamuka, makatoni ali mbwee pakhonde. Ndinatsegula madzi m'bafa, n'kuwakhazika madalawo pampando wawo wosambira. Ndinagwada, ndikuika kandegeko pamadzi ndi manja awiri. Kanapendama pang'ono, kenako kanakhazikika.

Anakayang'anitsitsa nthawi yaitali. Anakhudza nyenyeziyo ndi chala.

“Wapanga ndani?”

Kuntchito anatiphunzitsa kuti munthu akaiwala uzimukumbutsa modekha. Ndinayesa. Ndinati, “Ndi inu nomwe, bambo.”

“Ayi. Ine manja anatha kale. Ameneyu ndi mmisiri. Ukamuona umuuze kuti wakhoza.”

Kwathu wamkulu satsutsidwa kawiri. Zinandipweteka, osati chifukwa cha guluu amene anali adakali m'zikhadabo zanga, koma poti mmisiri ankamutamayo anali pampando pomwepo, ndipo uthengawo unalibe kokafika.

Panja galimoto yodzawatenga inaliza hutala. Ndinapukuta timabwatoto ndi thaulo.

“Ndikamuuza, bambo,” ndinatero.