Kabotolo ka a Maambulera

A Maambulera anakhala pakhoma la positi ofesi kuyambira pa 2 Febuluwale 1994. Dzina lenileni anali nalo, koma linatsalira pachiphaso. Zida zawo zinali pulayala, singano zitatu, ulusi wakuda ndi chitini cha nthiti za maambulera akufa, zimene ankachiritsira odwala. Anabadwa ndi khungu lachialubino ndipo maso awo sankaona patali ngakhale atavala magalasi, motero posoka ankayandikizitsa nsalu kumphuno ngati akuinunkhiza. Khomalo linkawapatsa mthunzi mpaka 10 koloko basi. Kuchokera pamenepo dzuwa linkawapsereza mpaka madzulo, iwo ali pakati pa maambulera khumi otambasula.

"Osadzifunditsa imodzi bwanji?" anthu ankawafunsa.

"Ndi za eniake," ankayankha. Yawo inali yobooka, ndipo tsiku loisoka silinkapezeka.

Kabala kanayamba pamwamba pa khutu lamanzere mu Ogasiti 2016, kangati nkhanambo. Akazi awo, amene ankachapa zovala m'nyumba za anthu, anapakapo mafuta osiyanasiyana, koma m'mawa uliwonse pilo ankapezeka ndi kadontho ka magazi. Lachiwiri pa 14 Malichi 2017 anawakokera kuchipatala. Kumeneko anawatumiza kuchipinda chakumapeto kwa khonde, kwa madokotala ochita kafukufuku. Dokotala wake, mayi wamng'ono msinkhu wovala magalasi, anayeza balalo ndi kachipangizo kozizira.

"Bambo, iyi ndi khansa ya pakhungu," anatero dokotalayo. "Ife tikuyesa njira yatsopano. Timapaka mankhwala pabala, kenaka n'kuwalitsapo ndi makina a leza, kuwala kwamphamvu kopyapyala ngati singano yanuyo. Koma kuwalako kumalowa mamilimita atatu okha. Lanuli lili pa awiri. Likapitirira atatu, makinawa alibenso ntchito."

"Ndiye dzuwa landiotcha, inunso mundiotche?" anafunsa a Maambulera.

Dokotala anaseka, n'kuwalemba kuti adzabwere pa 6 Epulo. Panatsala chinthu chimodzi. Mankhwala a kafukufukuwo sankayenderana ndi a TB, choncho aliyense ankayamba wayezedwa makhololo. Anawapatsa kabotolo ka chivindikiro chofiira, kolembedwa dzina lawo, kuti adzakabweze pa 3 Epulo.

Kabotoloko kanakhala pawindo masiku khumi ndi asanu ndi anayi, iwo akukayang'ana cham'mbali. A Maambulera anali ndi chifuwa cha zaka, chouma, chimene anthu apositi ankawadziwira asanawaone. Mumtima anali atadziweruza kale kuti ndi TB, ndipo kuti kabotoloko kawatsekera chitseko.

Lamulungu pa 2 Epulo masana kunabwera alamu awo, amuna a mlongo wawo wamng'ono. Ameneyu anali chimunthu chonyamula matumba a simenti kusitolo yogulitsa zomangira, awiriawiri paphewa, ndipo anzake ankamutcha Thirakitala. Atamva nkhaniyo anaseka mpaka mpando unalira.

"Alamu, chifuwa chanucho chili ngati wilibala yopanda girizi. Makina awowo akachimva athawa okha. Bweretsani kuno kabotoloko. Ine m'kati muno ndi mwa ng'ombe."

"Ng'ombe ya mowa," anatero a Maambulera, koma maso ali pawindo.

"Inu abambo," analowerera akazi awo, sopo ali m'manja, "zachipatala sabwerekana ngati jekete."

"Mayi, jekete lija la ukwati wathu linali la ndani? Si munakwatiwa nalo bwinobwino?"

Thirakitala anawomba m'manja n'kuponya kabotoloko m'thumba. M'mawa mwake anakabweretsa kali kotseka, ndipo a Maambulera anakapereka okha pazenera la labu yoyezera makhololo, nasayina.

Pa 6 Epulo anavala malaya ositidwa. Anafika mpaka pachitseko cha makina aja, chimene chinali ndi getsi lofiira pamwamba, ndipo anamva kulira kwake m'katimo ngati firiji. Koma namwino wovala chophimba pakamwa anawagwira pamkono n'kuwatulutsira pabenchi lapanja.

"Pepani bambo, makhololo anu apezeka ndi TB. Muyamba mankhwala lero, miyezi isanu ndi umodzi. Za leza ziyambe zaima."

Anatsegula pakamwa. Kenaka anakumbukira siginecha yawo pazenera paja, naona ngati akanena zoona awathamangitsa ngati wakuba, osadzawalolanso. Anatseka pakamwa, nalandira mapilitsi.

Thirakitala atauzidwa anayamba ndi kuseka. Kuseka kutatha anakhala pansi pakhonde, mutu uli pakati pa maondo. Anavomera kuti kwa miyezi iwiri bulangeti linkanyowa ndi thukuta, ndipo lamba anali ataboola bowo lina.

"Alamu, chonde, pakamwa. Abwana akangomva, matumba aja anyamula wina. Ana asanu aja ndi a mlongo wanu. Inu muzikatenga mapilitsiwo, ine ndizimwa. Ndani adziwe?"

A Maambulera anaganiza za mlongo wawo, amene ali mwana ankawatsogolera kusukulu n'kumawawerengera zapabolodi. Anamupatsa mlamuyo paketi ija.

Zinayenda choncho milungu isanu ndi iwiri. Pakatha milungu iwiri iliyonse, Lolemba, ankaima pamzere wa odwala TB, kukwera sikelo, kulandira mankhwala, n'kukawasiya kwa mlongo wawo atawakulunga m'nsalu ya ambulera. Balalo ankaliyeza okha ndi chikhadabo cha chala chaching'ono, ndipo popeza silinkakula m'mbali, ankati laima. Sanadziwe kuti linkakumba pansi ngati chiswe.

"Zengerezu adalinda kwawukwawu," akazi awo ankatero posintha pilo. "Kanenani, abambo. Mukapanda kutero ndikanena ndine."

"Mukanene kuti ana a mlongo wanga adye chiyani? Miyezi isanu ndi umodzi si zaka."

Lolemba pa 29 Meyi pazenera panali namwino wina, wachikulire, amene anagwira ntchito ya TB kuyambira ali mtsikana. Anayang'ana khadi, n'kuyang'ana munthu.

"Mankhwala mukumwa, achimwene?"

"Osaphonya."

"Nanga mkodzo ukutuluka wotani?"

"Woyera mbee, ngati madzi a pampopi," anayankha monyadira.

Namwinoyo anaika cholembera pansi. "Achimwene, mapilitsi awa amafiiritsa mkodzo, ngakhale misozi. Aliyense wowamwa amabwera kuno akuthamanga, kuti akukodza magazi. Inu simunamwepo ndi limodzi lomwe. Mukugulitsa, kapena mukudyetsa nkhuku?"

Pamenepo anaulula zonse, anthu apamzere akumva. Palibe anawathamangitsa. Namwino anangogwira kukamwa, n'kutenga kabotolo kena, nawaimirira pambali mpaka atalavula iwo eni. Zotsatira zinatuluka Lachinayi pa 1 Juni. Munalibe kanthu. Chifuwa chija chinali cha fumbi ndi utsi wa mabasi. Akanalavula okha pa 3 Epulo, chitseko cha getsi lofiira chikanawatsegukira.

Lachisanu pa 2 Juni dokotala wamagalasi uja anayezanso balalo. Anayeza kawiri, kenaka anawagwiragwira pansi pa chibwano, pamene panali kachotupa konga nyemba.

"Ndi angati, adokotala?"

"Asanu."

"Simungawonjezere moto pamakinapo? Ine ululu ndimapirira."

"Si nkhani ya moto, bambo. Kuwala sikufika kumene yafika."

"Pa 6 Epulo paja zikanatenga nthawi yaitali bwanji?"

Dokotalayo anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. "Mphindi makumi awiri," anatero.

Thirakitala anakalembetsa mankhwala a TB m'dzina lake pa 5 Juni, namwino wachikulire uja atachita kumutsatira kunyumba. Abwana ake sanamuchotse. Anangomupatsa mwezi wopuma n'kumuuza kuti asamalavule pafupi ndi simenti.

A Maambulera anadikira mzere wa opaleshoni mpaka pa 9 Novembala, pamene anawadula khutu lonse ndi mbali ya khosi. Magalasi awo analibenso pokhala, choncho anawamangirira kumutu ndi ulusi wakuda. Mvula itayamba anabwerera pakhoma paja, poti ndiyo nyengo imene ambulera aliyense amakumbukiridwa. Tsopano ankadzifunditsa yawo yobooka ija, ataisoka. Mlamu wawo, amene anali atayambanso kunenepa, ankadutsa madzulo aliwonse kudzawanyamulira chitini, koma nthabwala zinali zitamuthera.

"Alamu, mwakhala chete bwanji ngati mwameza singano yanga?" anamufunsa tsiku lina. "Kabotolo kamodzi kachiritsa munthu mmodzi. Kanalakwa pati?"

Thirakitala anangosenza chitini chija ngati cholemera kuposa simenti.

Tsiku lomaliza kugwira ntchito linali Lachisanu pa 19 Januwale 2018. Anamwalira Lachiwiri pa 20 Febuluwale, 3 koloko masana, akazi awo ndi mlongo wawo ali pambali. Popita kumanda Thirakitala anagwira bokosi kutsogolo ndipo anakana kulandiridwa njira yonse.

M'nyumba munatsala maambulera asanu ndi awiri a eniake, osatha kukonza. Loweruka lililonse Thirakitala ankawatenga n'kukakhala nawo pakhoma la positi ofesi, kudikira eni. Anayesapo kusoka imodzi, koma zala zake zinalephera kulowetsa ulusi pasingano. Asanu ndi imodzi anatengedwa, yomaliza pa 28 Epulo. Yachisanu ndi chiwiri, yobiriwira, yothyoka nthiti ziwiri, mwini wake sanabwere, ndipo ikadali kuseri kwa chitseko cha akazi a Maambulera.