Mbuya pa Maliro a Eni Ake

Mabawa atatsekedwa chifukwa cha korona, ntchito yanga yogulitsa mowa inathera pomwepo. Ndinatsala ndi chipinda chimodzi cha lendi ku Nangongwe, matiresi ndi foni. Ndinkadzuka, kusesa, n'kukhala pansi kudikira kuti dzuwa lipendeke.

Amuna ankabwera masana. Ndisazungulire: ine ndimagona ndi amuna anzanga, ndipo ku Kafue kuno tilipo ambiri kuposa mmene abusa amaganizira. Kale tinkapezana pa bawa, ndi diso lokha. Matenda atabwera tinasamukira pa foni, pa mayina onama ndi zithunzi za magalimoto m'malo mwa nkhope zathu. Uthenga unali womwewo nthawi zonse: "Uli weka?" Ndikavomera, posakhalitsa wina ankagogoda, masiki kumaso, chipewa chotsitsira m'maso. Masiki ija inatithandiza kuposa mmene boma linkafunira, chifukwa munthu ankadutsa pa mpopi, pakati pa amayi onse a m'yadi mwathu, popanda womuzindikira. Ena anali madalaivala a malole, ena aphunzitsi amene sukulu zawo zinatsekedwa, ambiri a iwo okwatira. Tikamaliza tinkasamba m'manja ndi sopo monga inkanenera wailesi, aliyense n'kulowera kwake. Sindinkasangalala, sindinkadandaulanso.

Mayina sitinkafunsana. Dzina ndi limene limafikitsa munthu kupolisi, kapena kwa mkazi wake.

Mmodzi yekha ndiye ankabwerabwera. Ankagwira ntchito pa fakitale ina, ndipo ankafika pa njinga akaweruka shifiti ya m'mawa, ovololo ikununkha mankhwala. Anali wamkulu kwa ine, wamimba, wodwala shuga, wa mtundu wa Abemba. Tsiku loyamba atamva kalankhulidwe kanga anaseka mpaka kugwira khoma.

"Kanshi ndiwe wa ku Chipata? Nagona na munthu wakudya mbeba!"

"Imwe ba mbuya," ndinayankha, "nanga nyani wamene munadya mailo wasila kale mu mimba?"

Ife a kum'mawa ndi Abemba ndife achimbuya: iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani. Timanyozana mmene tingafunire popanda wokwiya, ndipo maliro akagwa kwa ena, enawo ndi amene amagwira ntchito, kuseketsa anamfedwa ndi kuwapaka ufa kumutu. Kuyambira tsiku limenelo iye anali ba mbuya, ine ndinali wa mbewa, ndipo zinatikwanira. Amuna enawo akamaliza ankathamangira nsapato. Iye ankagona kaye pang'ono, kuliza mkonono, mwendo wake wolemera uli pa wanga. Ndinkangoyang'ana malata mpaka adzuke.

M'nyengo yozizira ija imene anthu ankafa motsatizana, anabwera akutsokomola.

"Ni chimfine chabe, osayopa," anatero.

Anagona monga mwa masiku onse, n'kukwera njinga yake. Sanabwerenso. Foni yake inkangoitana, kenako inazimiratu. Ena ankabwerabe, ndipo ndinkawatsegulira, koma khutu langa linali ku kulira kwa tcheni cha njinga. Ndinkafuna kudziwa chinthu chimodzi chokha, ngati ali moyo. Koma ukafika pa geti la fakitale ukafunsa zotani? Mbemba wamimba wa njinga yakuda? Ndipo iweyo ndiwe ndani wake?

Nkhani inandipeza pa mpopi. Amayi eni nyumba, a kwathu kum'mawa nawonso, ankauza anzawo kuti ku Shikoswe kwamwalira bambo wa Chibemba wa ku fakitale, ankadwala shuga, korona yangomumalizitsa. Chidebe changa chinasefukira ndili chiimire.

Masiku amenewo pa maliro ankalola achibale okha, ena onse ankabwezedwa pa geti, ndipo bokosi silinkatsegulidwa. Ndinafunsa amayiwo ngati apita.

"Ise ambuya sibangatipitikise," anatero. "Nanga azafosela manda nindani? Tiye naiwe mwana wanga, bamuna bachepa."

Choncho ndinalowa pa maliro amenewo ngati mbuya, ndipo mbuya salira. Ntchito yake ndi pakamwa. Amayi aja anandipatsa ufa m'kapepala, ndinayamba kuzungulira pamene panakhala azibambo, kuwathira kumutu mmodzimmodzi.

"Imwe ba Bemba, manje mwayamba kufa na chimfine? Nyani zasila mu sanga?"

Anaseka m'masiki mwawo, wina n'kundiponyera chipewa. Pakamwa panga pankagwira ntchito pokha, monga pa bawa kasitomala akaledzera. Maso anga ankafufuza. Ndinayang'ana mphumi za abale a malemu kuti mwina ndione kufanana, koma mphumi ndi mphumi. Kuseri kwa nyumba kunali njinga yakuda yotsamira khoma, yofanana ndi njinga zonse za mu Kafue. Mkazi wamasiye anali m'nyumba pa mphasa, atazunguliridwa ndi amayi achibale. Sindikanatha kumufunsa ngati mwamuna wake ankaliza mkonono.

Kumanda bokosi linatsitsidwa lotseka, abusa anafupikitsa ulaliki, ndipo ife ambuya tinagwira mafosholo. Dothi linali louma, lofumbira m'maso. Ndinkaponya ndikudziuza kuti mwendo uja uli pansipa, koma mumtima munali zii. Ndinkangomva msana kuwawa.

Dzenje litafika pakati, mwana wamkazi wa malemu, mayi wamkulu ndithu, anasendera pafupi atakumbatira chithunzi cha bambo ake cha m'galasi. Pokonza chitenje chake anachitembenuzira kwa ife. Anali bambo wowonda, wa nkhope yaitali, wovala magalasi. Sindinamuonepo chibadwire.

Sindinasiye fosholo. Manda sasiyidwa pakati, ndipo panalibe wondilandira. Ndinadikira kuti chimwemwe chibwere, poti si iye, koma sichinabwere. Ndinangoona kuti zatsala ziwiri: kaya ali moyo ndipo anangotopa nane, kaya anaikidwa tsiku lina ine ndili m'chipinda ndi munthu wina. Tinaunjika mtumbira, tinausalaza, achibale anaika maluwa. Mchimwene wa malemu, ufa wanga ukadali m'tsitsi mwake, anandigunda ndi chigongono m'malo mogwirana chanza.

"Mwagwila nchito, ba mbuya. Mulungu akudaliseni."

Anthu atayamba kubwerera ku lole imene inatibweretsa, ine ndinatsalira. Mbali imeneyo ya manda inali yatsopano yokhayokha, mitumbira yofiira m'mizere, maluwa apulasitiki asanafwifwe. Pa uliwonse panali kachitsulo kolembedwa ndi penti dzina, chaka chobadwa ndi tsiku lomwalira. Ndinayamba kuyenda ndikuwerenga. Mayina a Chibemba analipo ambiri, ndipo angapo anali a amuna a msinkhu wake. Ndinkaima pa lililonse, kulitchula chamumtima, kudikira kuti mwina thupi langa lindiuza kanthu.

Amayi eni nyumba ananditsatira, nsapato zili m'manja chifukwa cha fumbi.

"Iwe, motoka izatisiya. Uli na m'bale wako kuno?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Nanga sunakambe bwanji? Tiye nikuthandize kusakila, maso yanga yakali bwino." Anawerama pa kachitsulo kapafupi, n'kupukuta fumbi ndi nsonga ya chitenje. "Zina yake nindani?"