Phukusi la a Naphiri

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga, chaka chotsatira chisankho choyamba cha zipani zambiri. Mwana wanga Tiyamike anali ndi miyezi isanu, bambo ake atapita ku esiteti ya fodya ku Kasungu osatumizako ngakhale uthenga. Azakhali anandiperekeza mpaka pa Malomo, kugolosale ya a Mbewe, amene ankafuna munthu wodziwa kuwerenga. Ine ndinalekezera Sitandade 7. A Mbewe anandipatsa envulopu kuti ndiwerenge adiresi, ndinawerenga, iwo anangoti ndibwere Lolemba.

Kutsogolo ndinkayeza shuga ndi mchere pasikelo, kudula sopo ndi mpeni, kuthira palafini m'mabotolo ndi fanelo. Zinthu zamanyazi, monga makondomu ndi thonje la amayi, a Mbewe anandiphunzitsa kuzikulunga m'nyuzipepala pansi pa kauntala. “Munthu akati zija, usamufunse kuti ziti,” anatero. Pakhonde pankakhala amuna osewera bawo, maso awo pa chilichonse chotuluka pakhomo.

Pambali pa golosaleyo panali kawindo ka positi, ndipo za pamenepo palibe amene anandiuza kuti pali zobisa. Thumba la makalata linkabwera pabasi Lachiwiri ndi Lachisanu. Ndinkadula chingwe, kudinda deti ndi chidindo, kusanja makalata mudzi ndi mudzi, kenako kuima pawindo n'kuitana mayina mokweza pamodzi ndi kochokera: ya auje, yochokera ku Joni. Aliyense wam'mudzimo amene analipo ankatengera anzake. Anthu ankakondwa kumveka kuti alembedwa kalata kuchokera kutali.

Tsiku lina kunabwera a Naphiri, mayi wa ana asanu wokhala kuseri kwa phiri. Anadikira anthu achepe, n'kundipempha monong'ona kuti ndiwalembere kalata yopita kufamase ina ku Lilongwe. Ankaitanitsa mapiritsi akulera. Mimba yomaliza inangotsala pang'ono kuwapha, koma apongozi awo ankatsogolera amayi kuparishi ndipo za kulera sankafuna n'kumva komwe. Kuchipatala chapafupi kunkagwira ntchito mlamu wawo. Pa positi, anatero, palibe amene angawaone. Ndinalemba, ndinamata sitampa, ndinaiwala.

Patapita milungu itatu, Lachisanu la msika, a Mbewe anali atapita kukaoda katundu kuboma. Tiyamike anatentha thupi, akulira kumbuyo kwangaku, anthu atadzadza pawindo, wina akufuna palafini, wina akugogoda pakauntala ndi ndalama. Ndinkangotola n'kuwerenga, kutola n'kuwerenga. Ndinakuwa kuti phukusi la a Naphiri, lochokera kufamase ku Lilongwe. Ndinakumbukira za kalata ija pakamwa padakali yasa.

Anasendera kutsogolo ndi apongozi awo aja, mayi wachikulire wovala kolona m'khosi, amene ankatengera mudzi wonse makalata. Anatambasula manja, ine ndinawapatsa ndi manja awiri, n'kugwada pang'ono. Ndikanatani? Munthu wamkulu sumukaniza chinthu pagulu, ndi mmene anatilerera. Iwo anatembenuka, ananyamuka nalo. Ndithamange, ndisiye golosale yotsegula? Ndikawapeza ndikanene chiyani?

Ndinathamanga basi, mwana akugundagunda kumsana. Ndinawapeza pa okonza njinga. Ndinati pepani amayi, ndalakwitsa, phukusi limafuna chala cha mwini wake papepala. Anandifunsa kuti zayamba liti zimenezi, zaka zonsezi amatenga popanda chala cha munthu. Ndinati ndi malamulo a boma latsopano, poti masiku amenewo chilichonse chachilendo tinkanamizira boma latsopano. Anagwedeza phukusilo pafupi ndi khutu.

“Akudwala chiyani mpongozi wanga, chimene ine sindikuchidziwa?”

Ndinati sindidziwa. Anandibwezera, koma anati akamuuza akatenge yekha, ndipo akalitsegule iwo akuona.

M'mawa mwake a Naphiri anafika golosale isanatsegulidwe. Sanakalipe, mwina zikanakhala bwino akanakalipa. “Ndinathawa maso anayi a osewera bawo pakhonde, amake Tiyamike,” anatero, “inu mwandiuzira msika wonse.” Anati apongozi akaona mapiritsiwo adzaitana mwana wawo ndi ankhoswe, ndipo iwo mimba ina sangaipirire.

Tinalowa m'chipinda chosungira matumba a shuga. Ndinang'amba phukusilo ndi lumo motsatira pomata, iwo anachotsa mapiritsi awo n'kuwamanga pamfundo ya chitenje chamkati. M'malo mwake tinaikamo mapiritsi a m'mimba a pashelefu, amene anagula pomwepo. Ndikupaka guluu, a Mbewe analowa. Ndinangoti basi, ntchito yatha, kutsegula phukusi la positi ndi mlandu. Anayang'ana lumo, anayang'ana a Naphiri, anayang'ana ine. Anatuluka, anabwera ndi chidindo, n'kudinda pomwe ndinamatapo kuti pasaoneke.

Lachiwiri lotsatira mayi wachikulire uja anabweranso kudzatenga makalata. Anandidandaulira pawindo kuti atsikana a masiku ano ndi owononga, kuitanitsa ku Lilongwe mankhwala amene ali pashelefu pomwepa. Ndinavomera kuti eya amayi.

Ndinagwira pamenepo zaka zitatu. Ndinaphunzira kuti wogula pakauntala amaonedwa nkhope kamphindi n'kupita, koma wogula pa kalata amasiya dzina lake, mudzi wake ndi chimene wagula m'manja mwa anthu amene sakuwaona, ndipo mmodzi wa anthuwo ndinali ine. Phukusi ndinayamba kuliika chafufumimba mpaka mwini wake afike.

Chimene sindinamvetse mpaka lero ndi tchimo langa. Inenso ndine Mkatolika. Nditapita kukalapa ndinagwada nthawi yaitali, osadziwa kuti ndinene bodza limene ndinauza munthu wamkulu kapena zoona zimene ndinakuwa pawindo. Ndinalapa zokuwazo.