Mayi Zelifa ndi Kachitseko ka Mtima wa Nkhumba

Akhristu a mphakati wathu andipempha kuti ndilembe za mayi Zelifa, amene tinawaika m'manda mwezi wathawu. Ndalemba katatu n'kung'amba, chifukwa m'nkhaniyi muli dzina langa. Ndine Timoteyo, katekisiti wa kuno ku Chiosya.

Anabadwa mu 1958, makolo awo ali matenanti pa esiteti ya fodya, ochokera ku Phalombe. Ali mwana anadwala zilonda zapakhosi, kenaka mawondo anatupa, ndipo palibe anadziwa kuti matendawo aluma mtima. Anakula akusoka fodya m'zigafa, nakwatiwa ndi bambo Lameki, nabereka ana asanu. Kukhala pansi sankakudziwa. Akachoka kumunda ali kwa wodwala, akachoka kwa wodwala ali kukolopa m'tchalitchi. Ngakhale kolona ankapemphera akuyenda.

Mu 2012 anayamba kubanika, katunda kakang'ono n'kuima kawiri. Madokotala anapeza kuti kachitseko ka mu mtima mwawo katha. Anawatumiza kunja, kumene anawasokerera kachitseko kochokera mu mtima wa nkhumba. Atabwerako, amayi a kwaya sanawasiye.

"A Zelifa, mukamadutsa pakhola muzipereka moni kwa abale anu!"

"Ndimapereka," ankayankha motero akuseka. "M'bale wangayo anandipatsa osafunsa kuti kwanu n'kuti."

Koma dokotala anali atawachenjeza. Magazi a munthu salandira mlendo msanga. Amaundana pa nyama yachilendoyo, ndipo chibuluma chikathothoka chimakatseka mtsempha wa kumutu. Anawapatsa mapiritsi osungunula magazi m'kaenivelopu kojambulidwa dzuwa likutuluka: limodzi m'mawa uliwonse, osaphonya.

Patangotha miyezi iwiri, Lenti inafika. Pothokoza Mulungu, mayi Zelifa analumbira kusala masiku onse makumi anayi monga mayi awo anawaphunzitsira, osameza ngakhale madzi mpaka dzuwa lilowe. Anandipeza ndikutseka tchalitchi.

"Aphunzitsi, piritsi limaswa kusala?"

Sindinkadziwa. Kunena kuti sindikudziwa ndinachita nako manyazi, ndiye ndinayankha ndi mawu a chikulu: "Mayi, chadutsa pakhosi chadutsa pakhosi." Iwo poona dzuwa la paenivelopu lija anaganiza kuti madzulo saloledwa kumwa, choncho anangowasiya mapiritsiwo.

Sabata lachinayi anagwa pamjigo, ndowa ili kumutu. Mkono wamanja unafa, mwendo ukukoka, pakamwa papotoka. Bambo mfumu atamva chifukwa chake anagwira mutu. Anati mankhwala saswa kusala, ndipo wodwala sakakamizidwa n'komwe. Ine ndinatha masabata atatu ndikuzungulira njira ya kudambo kuopa kudutsa pakhomo pa mayi Zelifa.

Tsiku limene ndinakagwada pakhonde pawo, mawu awo ankatuluka movutika.

"Munandiyankha zimene simukuzidziwa. Ndakhululuka. Koma njinga muli nayo."

Kuyambira pamenepo ndinali kabaza wawo zaka khumi ndi chimodzi. Tinkalowa m'midzi ndi m'mizere ya matenanti, kufuna odwala amene asiya mankhwala chifukwa cha pemphero. Analipo ambiri kuposa mmene ndinkaganizira, ena a shuga, ena a ma ARV. Mayi Zelifa sankalalikira. Ankanyamula mkono wakufawo ndi dzanja lamanzere n'kuuika pamwendo pa wodwalayo. "Ugwireni," ankatero. "Mulungu sanandipemphe mkonowu ayi." Akatero ankaitanitsa madzi, wodwala amwe piritsi iwo akuona, kenaka tipemphere. Mvula kaya matope, ndikachedwa ndinkawapeza ayamba kale kutsimphina pamsewu, akundidandaula kwa aliyense wodutsa.

Chaka chino kachitseko kaja kanatopa, monga madokotala ananenera kuti kadzatopa. Anadzozedwa mafuta a odwala Lolemba masana, ana awo atawazungulira, mwana wawo Luwiza akutsogolera kolona. Nkhope inali yowala, koma maso ankasakasaka mpaka anandipeza pakhomo. Ndinayandikira, ndikuyesa kuti andiuza mawu otsanzikana.

"Kwa a Gerald mupite Lachinayi," ananong'ona. "Botolo mukatsegule nokha. Amanama amene aja."

Anatseka maso, napuma mwakachetechete. Ambuye awapatse mpumulo umene pansi pano anaukana.

A Gerald, mmodzi wa odwala athu aja, ndinawapeza Lachinayi lomwelo, maliro titaika dzulo lake. Botolo lawo la mapiritsi linali lodzaza. Ndinaitanitsa madzi.